Nkhope Yopita ku Joni

Agogo a Ngozo akandibwerera m'maganizo, choyamba kufika ndi fungo la girizi wa njinga losakanikirana ndi la dothi lonyowa la m'munda wa kachewere, kenako chifuwa chawo chimene chinkawatsogolera kulikonse, moti usanawaone unkadziwa kuti adutsa kuseri kwa nkhokwe, alowa m'khola, atulukanso, akulowera kudimba. Munthu uja sankakhala pansi. Ngakhale tiyi ankamwa ali chiimire, kapu kudzanja ili, sipanala kudzanja linalo, uku akukalipira mbuzi. Amayi akawaikira mpando pakhonde ankaukankha ndi phazi. "Mpando ndi wa alendo ndi odwala," ankatero. "Ine ndili uti pamenepo?"

Anali bambo a bambo anga. Anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni ali mnyamata, ndipo chifuwacho anachitenga komweko. Bambo anga anatsata njira yomweyo ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, natisiya ine ndi amayi pamudzi pa agogo, kufupi ndi Kandeu. Makalata ankabwera, mabulangete ankabwera, eni ake ayi.

Mukhoza kuseka, koma ndinakula osaidziwa nkhope ya agogo. Amayi, monga mtengwa, ankagwada chapatali mutu uli kumbali polankhula ndi apongozi awo, ndipo ine ndinakulira kuseri kwa chitenje chawo. Tsiku lina ndili wamng'ono ndinawayang'anitsitsa agogo akudya chimanga chootcha, amayi n'kunditsina khutu mpaka linatentha tsiku lonse. "Mwano umenewo! Wamkulu samuyang'ana m'maso." Kuyambira pamenepo ndinkadziwa mapazi awo okha: zidendene zong'aluka, nsapato za matayala, chala chachikulu chopanda chikhadabo. Ndikanatha kuwapeza pakati pa msika wa Kandeu ndikuyang'ana pansi.

Matipate atangoyamba, sukulu zitadzaza ana, ndinapeza malo ku koleji ya uphunzitsi. Teremu yoyamba kunali phunziro la zojambula, limene ndinkaliderera kuti n'zachibwana. Mphunzitsi wake, bambo wamfupi wa choko m'tsitsi, anaika ketulo patebulo nati tijambule. Tonse tinawerama, mphindi zisanu tamaliza. Anazungulira kalasi yonse akupukusa mutu. "Palibe wajambula ketulo iyi. Mwajambula maketulo a kwanu. Iyi n'njopindika pamlomo, chogwirira anachimanga ndi waya. Wachiona ndani?" Anatiphunzitsa kutambasula dzanja, kutsinzina diso limodzi, kuyeza chinthu ndi pensulo ndi chala chachikulu, kuyang'ana chinthucho koposa pepala, kuona pamene pagwera mthunzi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero. Ine kudekhako ndinalibe, magazi a agogo. Mapepala amene ndinaboola ndi chofufutira, Mulungu ndiye akudziwa.

Nditabwera kutchuthi ndinapeza chifuwa cha agogo chakula. Ankayendabe uku ndi uku, koma tsopano ankaima pa mtengo uliwonse ngati akuuyendera. Masana ena anandipeza ndikujambula dengu la amayi, naima kumbuyo kwanga akupuma movutikira.

"Wajambula ndi pobooka pomwe?"

"Eya, agogo. Amatero aphunzitsi."

"Mawa ujambule ine."

Ndinaseka, iwo osaseka. Anandiuza kuti chaka chapitacho anakajambulitsa kwa wa kamera pa Kandeu, n'cholinga choti bambo anga aone mmene atheramo, abwere. Koma amayi anawachapira jekete, wa kamera anawaveka chipewa nawauza kuti amwetulire. Yankho lochokera ku Joni linali lakuti, "Ndakondwa kuona kuti mukadali amphamvu, bambo."

"Ndinadzitchera ndekha msampha," anatero agogo. "Lachisanu mwana wa a Zuze akubwerera ku Joni. Atenge nkhope yanga yeniyeni. Atate ako akapanda kubwera chaka chino, adzapeza mulu wa dothi."

M'mawa mwake anakhaladi pampando, koma abale, kukhala kwake! Mwendo ukugwedera, khosi likutembenukira kukhola, "Mbuzi zija mwazimasula?" Ine ndinagwada pamphasa, maso n'kukana kukwera. Ndikati ndidzutse mutu, khutu lija linkatentha. Amayi ankadutsadutsa ndi lichero lopanda kanthu, akutsokomola dala. Basi ndinajambula za m'mutu mwanga, nkhalamba yonenepa bwino, ya ndevu zopesa, ngati za m'mabuku a ana.

Agogo anayang'ana pepalalo nandibwezera. "Ameneyu ndi mbusa wa mpingo uti? Ndati ujambule ine. Nawenso ukufuna kundinamizira ngati wa kamera?"

"Agogo, si ulemu kukuyang'anani."

"Ulemu udzandipatsa pamaliro, tsiku limenelo aliyense adzawerama. Lero ndiyang'ane." Kenako anakweza mawu osatembenuka. "Amake Feliya, mwanayu ndamutuma ndine. Musamutsine." Amayi analowa m'khitchini osatulukanso.

Ndinatambasula dzanja, ndinatsinzina diso limodzi, n'kuyambira pachipumi poti pamenepo palibe maso. Mayo ine! Munthu amene ndinakhala naye zaka zonsezo anali ndi chipsera chochokera pa nsidze ya kumanzere kukalowa m'tsitsi, ine osadziwa. Khutu lina linali lobooledwa kalekale mwachingoni. Masaya analowa mkati, moti mthunzi unkakhazikikamo ngati madzi m'mbale, ndipo pakati pa khosi ndi kolala ya malaya pakanalowa zala zitatu. Diso la kumanja linali ndi ng'ala. Nditafika pa diso linalo ndinalipeza likundiyang'ana, ndipo ndinaona chinthu chimene mapazi sakanandiuza: agogo anga ankaopa. Ndinalira, misozi n'kudonthera papepala.

"Usanyowetse nkhope yanga," anatero. "Jambula."

Zinatitengera masiku atatu, chifukwa pakangopita mphindi khumi ankadzuka kukaona ngati nkhuku zaikira, n'kubwera kudzakhala mopenyera kwina, dzuwa nalonso litasuntha mthunzi, ine n'kuyambiranso kuyeza. Tinkakangana ngati ana. "Agogo, mwasuntha!" "Wasuntha ndi mpando." Ndinkapsa mtima mpaka kuluma pensulo, iwo n'kumati mwana wanji wosakhazikika chonchi, watengera yani. Kangapo dzanja langa linafuna kudzaza masaya aja, ndipo kamodzi ndinawadzazadi, pang'ono pokha, osawauza. Lachinayi masana anagwira pepalalo nthawi yaitali, atakhazikika monga sindinawaonepo.

"Ndafika pamenepa?"

Analipinda okha kanayi, osalola kuti ndilembepo mawu alionse.

Ndinabwerera kukoleji mtima uli m'mwamba. Milungu inayi, isanu, kuli zii. M'kalasi ankatiikira mabotolo ndi malalanje, ine maganizo ali ku Kandeu, mwina pepala linanyowa m'njira, mwina mwana wa a Zuze anakulungira fodya, mwina bambo analiona n'kulitaya. Mlungu wachisanu ndi chimodzi uthenga unafika woti ndipite kumudzi msanga. Ndinatsika matola ndikutchera khutu kuti ndimve nyimbo za maliro, koma kunalibe. Pakhonde panakhala munthu wa imvi zoyamba kumene, pepala lija lili pabondo. Zaka khumi ndi ziwiri si masewera, bambo anga ndinawazindikira chifukwa cha mwendo umene unkagwedera ngati wa agogo. Agogo anali m'nyumba, pamphasa, tsopano osadzuka.

"Ndiwe Feliya?" anafunsa bambo anga. "Unajambula ndiwe ichi?"

"Eya, bambo."

"Nditachilandira ndinakwiya. Ndinati mwanayu akukokomeza, amutuma kuti andiopseze. Ndinachiika pansi pa matiresi, koma mtima osakhala m'malo. Basi ndinakwera kuti ndidzakukalipire." Anapukuta m'maso ndi chipewa, naloza papepala ndi chala. "Mwana wanga, unawakomera mtima. Masaya awa unawonjezera."

Agogo anakhala masiku khumi ndi limodzi mwana wawo ali pambali, akumutuma kukhola, kudimba, kukapopa njinga imene sinkapita kulikonse. Bambo ankathamanga ngati kamnyamata, n'kubwera kudzagwada kupereka lipoti, agogo n'kuwatumanso kwina. Anamwalira m'mawa wina atangofunsa ngati kachewere wapaliridwa.

Pepala lija bambo anabwerera nalo ku Joni, ndipo linatayika m'kusamukasamuka kwawo. Sindidandaula kwenikweni. Lero ndimaphunzitsa ana a pulayimale, ndipo ndikakhala pa misonkhano yaitali ya aphunzitsi ndimapeza dzanja langa layamba lokha m'mphepete mwa kope, chipsera, khutu, diso la ng'ala. M'banja lonse amene anawaona agogo akuopa ndine ndekha, ndipo sindinauzepo amayi mpaka lero. Masaya ndimawajambula monga analili.