Ana Anayi Kapena Asanu

Kuseri kwa nyumba yathu ku Khondowe kumakhala aphunzitsi opuma ntchito, amene anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu. Sindinawamvepo akuuza munthu kuti wanama. Ukawafotokozera nkhani yopotoka, amavula magalasi n'kunena kuti, "Mwachita misreport." Amati mneni ameneyu amatanthauza kufotokoza zinthu mosiyana ndi mmene zilili, koma sanena ngati wofotokozayo wachita dala kapena wangophonya. Anthu oyandikana nawofe timaseka, timati n'chizungu cha ukalamba.

Ine ndinasiya kuseka pa maliro a bambo Msiska, mkulu wa mpingo. Mng'ono wawo wa malemuwo, powerenga mbiri, anati asiya ana anayi. Tonse tinkadziwa za wachisanu, Tryness, woyanika usipa kunyanja ku Chitimba, wobadwa kwa mayi wina. Anali atakwera wapansi phiri lonse la pakati pa Chitimba ndi Khondowe, n'kukhala kumbuyo kwenikweni atawerama.

Aphunzitsi anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Pepani chomene, a Msiska. Pa chiwerengero cha ana mwachita misreport. Taonaninso pepala lanu."

Bambowo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, ngakhale panalibe china cholembedwa.

"Yewo, aphunzitsi. Ana ndi asanu."

Apa m'pamene Tryness analira mokweza, azimayi a pamaliropo n'kumusendezera malo kutsogolo.

Pobwerera ndinawafunsa chifukwa chake sanangonena kuti linali bodza.

"Ndikanati anama, akanaumirira pomwepo chifukwa cha manyazi," anatero. "Mwana uja akanaika bambo ake m'manda ali mlendo."