Zikhomo Zimene Bambo Anakhoma

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene galimoto inayamba kukwera phiri la kwathu. Njala yaikulu ija inali itangodutsa, anthu adakali ndi makosi owonda. Mudzi wathu unali m'munsi mwa phiri la Mulanje, mbali ya ku Phalombe kuno, pafupi ndi mpata wa Fort Lister pomwe mphepo sipuma. Nkhalango inkayambira kumapeto kwa munda wa chinangwa wa mayi anga, ndipo m'mawa uliwonse tinkadzutsidwa ndi anyani aja timawatcha nchima komanso kulira kwa nkhulukulu.

M'nyumba mwathu tinalimo ana awiri, ine ndi mlongo wanga wamng'ono Lusiyano. Lusiyano anabadwa ndi mphumu. Nyengo yozizira ikafika, chifunga chikatsika m'phiri, chifuwa chake chinkalira ngati kamwana ka mphaka, nthiti zikukokeka, maso ali tong'o. Chimene chinkamuthandiza chinali chimodzi chokha, kachomera kena komera pa kasupe wa m'nkhalango.

Dzina la kachomerako sindilidziwa mpaka lero, chifukwa kwathu silinkatchulidwa. Akazi akafuna kupitako ankangoti akukathyola ndiwo kumtunda. Kanali ndi masamba aubweya onga khutu la mbuzi, duwa lofiirira, ndi muzu wonenepa ngati chala, wafungo losachoka m'manja tsiku lonse. Muzuwo ankausinja n'kuuviika m'madzi ofunda, mwana n'kumwa, ndipo posakhalitsa chifuwa chinkamasuka. Ndayenda malo ambiri m'moyo wanga, koma kachomerako sindinakaonenso kwina. Kankamera pansi pa thanthwe limodzi, pamalo osaposa bwalo la nyumba, pomwe madzi ankatuluka m'ndere chaka chonse. Pamatope a pamenepo pankakhala mapazi a gwape, a mbawala, nthawi zina ndi a kambuku.

Mwini chinsinsi anali mayi aakulu a Felesiya, mkulu wawo wa mayi anga. Anali mzimayi wamtali, wosaseka zachabechabe, ndipo akakwiya ankasiya Chinyanja n'kuyamba Chilomwe chokhachokha. Ndiwo anandionetsa malowo chaka chimene ndinayamba kusenza mtsuko waukulu. Anandiuza kuti pamenepo timakumba muzu umodzi basi, dzenje timakwirira, sitiloza ndi chala, ndipo sitiuza mwamuna wobwera. Ankakhulupirira kuti mankhwala a mtundu akamveka kwa mkamwini amasuluka, ndipo wovutika amakhala mwana amene amawamwa.

"Mkamwini ndi mlendo," anatero akundiyang'ana m'maso, "ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Lero ali pano, mawa wakakwatira kwina, zathu wapita nazo."

Mkamwini ankanenedwayo anali bambo anga. Kwawo kunali kuchigwa, kumene amalima mpunga. Anapitako kunkhondo yaikulu ya azungu, ndipo kumeneko anaphunzira kulambula misewu yodutsa malole m'matope ndi m'mapiri. Bambo ankamukonda Lusiyano kopitirira muyezo, ankamunyamula paphewa ngakhale popita kudimba. Ankadziwa kuti mwana akabanika mayi amamumwetsa kanthu, koma sankafunsa. Mwamuna wolemekezeka safunsa za m'miphika ya akazi kuchikamwini.

Mvula itangosiya chaka chimenecho, kunabwera mzungu wina wogula matabwa a mkungudza. Dzina lake linatikanika, tinkangomutcha Bwana Fumbi, chifukwa tinkayamba kuona fumbi iye asanaoneke. Anali ndi galimoto yaing'ono yotsala kunkhondo, jipi, yopanda denga, yoyenda paliponse ngati mbuzi. Matabwa ankatsika pamutu pa anthu kuyambira kale, ndipo ngakhale msewu wa galimoto utalambulidwa ankatsikabe pamutu pomwepo. Msewu anaufuna kuti iye yekha azikafika kwa ocheka matabwa osatuluka thukuta, mfuti ili pambali. Atamva kuti m'mudzi muli msilikali wakale wodziwa misewu, anawalemba bambo ukapitawo. Ntchito yawo inali yotsogola ndi chingwe ndi zikhomo, kusankha modutsa msewu, anthu a zikwanje ndi makasu akubwera pambuyo. Bambo anasangalala. Kanali koyamba m'mudzi wa eni kuti mawu awo amveke.

Msewu utalowa mkati mwa nkhalango, bambo ankagona kumsasa ndi anthu awo, ine n'kumawapititsira chakudya. Tsiku lina ndinapita ndi mbale ya kalongonda ndi chinangwa chophika, koma sindinawapeze. Anali atatsikira kwa Bwana Fumbi kukatenga zitsulo zophwanyira miyala. Ndinasiya mbale, ndipo pobwerera ndinatsata zikhomo zatsopano kuti ndione kumene zikupita. Zinali zikhomo za nsungwi, zosongoka bwino, zomangidwa kansalu kofiira. Zinadutsa pakati pa mitengo, zinakhota, kenaka zinalunjika pa thanthwe lija. Chomaliza chinali chitakhomedwa m'ndere, pakati penipeni pa masamba aubweya aja.

Ndinathamanga osaima mpaka kunyumba. Mayi atamva anangokhala pansi, manja ali m'masaya, kenaka anandigwira dzanja kupita kwa mayi aakulu. Anawachonderera kuti awalole kuwauza bambo, ngakhale kungowauza kuti pamalopo pasadutse msewu. Mayi aakulu anakana. Anati mwamuna ukamuletsa malo amafuna chifukwa, akadziwa chifukwa auza anzake, ndipo mawa mudzi wonse ukakhala ukukumba pamenepo. Anatinso galimoto singadutse pamatope otero, idzatitimira, adzakhotetsa okha. Mayi anga ankaopa mkulu wawo, komanso ankaopadi kuti akaulula, mankhwala asuluka ndipo Lusiyano afa chifukwa cha pakamwa pawo. Anagonja.

Ine magazi anali atawira. Ndinati, "Ngati inu mukuopa, ine ndikawauza ndekha bambo anga."

Sindinamalize bwino kulankhula. Mayi aakulu anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kunditsina m'ntchafu mpaka khungu linasupuka, akulankhula Chilomwe chothamanga. Anati mwana wamkazi wa pakamwa popepuka ndi chitseko chopanda mpiringidzo. Tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, anandipereka kwa mayi wina amene ankatsikira kuchigwa, kuti ndikathandize achibale kuingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Bambo anauzidwa kuti kuchigwa kwasowa ana. Ndinakhala kumeneko mpaka mpunga utakololedwa, ndikukuwa ndi kuponya zibuma tsiku lonse, maso ali kuphiri. Ndinkalira ndi ukali osati chisoni, ndipo ukali umenewo sunandithere.

Nditabwerera ndinapeza msewu utadutsa. Mayi aakulu anali atalakwitsa pa chinthu chimodzi, sankadziwa kuti mlamu wawo anaphunzira chiyani kunkhondo. Matope sanawaopse bambo. Anakumba ngalande yochotsa madzi, anathira miyala, pamwamba n'kuyala mitengo, ndipo jipi inadutsapo osagwedezeka. Ankanyadira malo amenewo kuposa msewu wonse. Madzulo ena anafotokoza pakhonde mmene anagonjetsera thope lija, Lusiyano ali pamiyendo pawo, mayi akupeta mapira chogwada osadzutsa mutu. Ine sindinawauze za kachomera kaja, poti panalibenso choti ndipulumutse. Mayi aakulu anali atathamangira kukazula mizu ingapo msewu usanafike, iwo omwe ankati tizikumba umodzi. Ina anaiumitsa, ina anaibzala kudimba, koma yobzalayo inafota yonse.

Nkhalango inasintha tikuona. Kumene kale munthu ankafika atang'ambika zovala ndi minga, tsopano aliyense ankangoyenda manja ali m'thumba. Bwana Fumbi ankawombera nyama ali chikhalire m'galimoto, ndipo zina ankangozisiya zikuthawa ndi bala. Pambuyo pake panabwera alenje ochokera kutali ndi agalu ndi misampha ya waya. Ndinapezapo gwape atafera mumsampha m'mbali mwa msewu, atawola, wotchera sanabwerenso n'komwe. Nchima zinasamukira kumtunda, nkhulukulu tinasiya kuzimva, ndipo nguluwe zitasowa mtendere m'nkhalango zinatsikira m'minda mwathu kudzafukula chinangwa. Mvula itabwera, mikwingwirima ya matayala inasanduka timitsinje tofiira. Madzi anakokolola dothi, anakumba chigwembe, ndipo kasupe uja anauma.

Mizu youma inatha mvula isanathe. Kuzizira kutabweranso, m'mawa wina wachifunga, Lusiyano anabanika kuposa kale lonse. Mayi anayesa masamba ena, anayesa kumufukiza, osathandiza. Milomo yake inayamba kuda. Mayi anamusiya m'manja mwa bambo n'kuthamangira kuphiri, ine pambuyo. Titafika pa thanthwe anagwada m'mbali mwa msewu n'kuyamba kufukula ndi manja, akugubuduza miyala, zala zikutuluka magazi, kufuna ngakhale kachidutswa ka muzu. Panalibe kanthu, dothi louma lokhalokha.

Sitinadziwe kuti bambo anatitsatira, mwana ali kumsana. Anaima pamwamba pathu akupuma mwawefuwefu.

"Amake Lusiyano, mukufuna chiyani m'msewu mwana akufa?"

Mayi anawauza. Anawauza zonse, za kachomera, za kasupe, za lamulo, za ulendo wanga wa kuchigwa. Bambo anayang'ana miyala imene anayala ndi manja awo, kenaka anatembenukira kumanzere, kumene kunali kamtunda kouma kopanda ngakhale mtengo waukulu.

"Ndikanadutsitsa apo," anatero motsitsa mawu. "Ndinapayesa ndi chingwe. Ndinasankha pano poti panali pafupi. Bwana sakanafunsa n'komwe."

Sanakalipe, ndipo ndimalakalaka akanakalipa. Anatembenuka n'kuyamba kuthamanga ndi mwana kulowera kuchipatala cha mishoni, kutsika msewu wawo womwewo. Jipi inali ku Limbe ndi mwini wake. Lusiyano anatsirizika kumsana kwa bambo ake dzuwa lili pamutu, chipatala chisanaoneke.

Pamaliro, mayi aakulu analira mokweza kuti msewu wadya mwana, ndipo aliyense ankadziwa amene analambula msewuwo. Anthu ankawayang'ana bambo cham'mbali. Palibe ngakhale mmodzi anafunsa chifukwa chimene munthu wokhala ndi zikhomo m'manja sanauzidwe. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero. Bambo sanadziteteze, poti kudziteteza kukanakhala kuyalutsa mkazi wawo pagulu.

Bwana Fumbi anakwera msewu uja chilimwe chinanso chimodzi. Chigwembe chitakula, jipi inakanika kudutsa, iye anakagula matabwa kwina, ndipo sitinamuonenso. Dzina la Lusiyano sanalimvepo. Msewu unatsala wa alenje ndi otema mitengo, ndipo chigwembe chilipo mpaka pano, chakuya mwakuti ng'ombe ikagweramo situluka.

Bambo sanachoke. Achibale awo anabwera kudzawatenga kuti abwerere kuchigwa, iwo anakana. Ukapitawo sanaufunenso. Chaka chilichonse mvula ikayandikira ankakwera okha ndi mgwala kukachotsa miyala pa thanthwe lija, akukwirira ngalande yawo, kuyembekeza kuti madzi abwerera. Madzi anabwereradi pang'ono patapita zaka, koma kachomera kaja sikanamerenso. Ndi mayi anakhala mpaka imfa, mwaulemu, koma kuseka kwa pakhonde kunatha. Manda awo ali m'mudzi mwathu, pafupi ndi a mwana wawo. Mame amene ankayembekezeka kukamuka aja ndiwo anatsala.

Ndakalamba tsopano, ndapitirira msinkhu umene mayi aakulu anafika, ndipo ndayesetsa kuwamvetsa. Sanali mfiti. Kachomera kaja kanakhalapo mibadwo yonseyo chifukwa cha kutseka pakamwa kwa akazi onga iwo. Lamulo lawo linkatchinjiriza bwino kwa munthu wobwera ndi khasu kudzaba. Koma galimoto sibwera kudzaba, imangoponda, ndipo chimene sichinatchulidwe imachiponda osadziwa kuti chilipo. Sindingalumbire kuti muzu uja ukanamupulumutsa Lusiyano tsiku limenelo. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu yekhayo amene akanatha kukhotetsa msewu ankagona m'nyumba mwathu, ankadya m'mbale zathu, ndipo tinamuyesa mlendo.

Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. A mayi aakulu agonera zaka zonsezi, ndipo kwa ine sanakomebe. Ana anga aakazi atakwatiwa, ndinawatenga amuna awo mmodzimmodzi n'kukwera nawo mpaka pa thanthwe lija. Ndinaloza ndi chala, dala, n'kuwauza zonse zimene zinkamera pamenepo. Anamvetsera mwaulemu, akuyang'ana pamene ndinkaloza, koma panali miyala yokhayokha.