Makande a ku Kapata

Poloti yathu inali kumapeto kwa Kapata, kufupi ndi dambo, pa dothi la makande. M'dzinja dothilo linkafufuma n'kumakakamira kumapazi, m'chilimwe linkang'aluka moti dzanja n'kulowa. Nyumba yoyamba imene amuna anga anamanga sinakhalitse. Khoma la kuchipinda linang'ambika kuyambira pansi mpaka kudenga, chitseko chinaleka kutsekeka, ndipo mvula ikalimba ana tinkawagoneka kwa aneba.

Mmisiri wina wa kutchalitchi kwathu anatiuza kuti vuto si njerwa koma nthaka. Anati tikumbe pambali, tiphwanye zibuma, tisakanize dothilo ndi laimu, ufa woyera uja wa njereza, tithire madzi, kenako titsendere kwambiri tisanayale maziko a nyumba ina. Laimu ndiye amaletsa makande kufufuma. Anatchulanso za magolovesi ndi magalasi, koma amuna anga anangoseka. Anakulira m'minda ya thonje ku Chiparamba, akupopera mankhwala opanda chophimba kumaso.

Inali nyengo ya mphepo. Iwo ankang'amba matumba n'kumamwaza laimu ndi fosholo, ine ndinkatunga madzi. Pakati pa zala zawo panayamba zilonda.

"Atate ake ana, tapumani kaye, mphepoyi ichepe," ndinatero.

"Mvula ikatipeza tigona kuti? Thirani madzi uko, amake ana."

Masana ena kamvuluvulu anadutsa pomwe ankakhuthula thumba. Ndinamva kukuwa ndili kumpopi. Ndinawapeza atagwada, nkhope ili mbuu, akutikita maso ndi manja omwe aja a laimu. Ndinawakhuthulira chidebe chonse kumaso, koma ankangoti m'maso mukuyaka moto. Kuchipatala anawatsuka nthawi yaitali. Diso lamanzere linapulumuka. Lamanja linayera ngati la nsomba yophika, silinaonenso.

Ntchito yotsala anamaliza alamu anga pamodzi ndi mmisiri uja, amuna anga ali gone m'nyumba yong'aluka ija, nsalu ili kumaso. Nyumba yatsopano inalimbadi, ndimo tikukhala mpaka lero.

Kale amuna anga ankanyamula anthu pa njinga m'tauni. Atachira anayesa kubwerera, koma galimoto zodutsa kumanja sankaziona, ndipo tsiku lina anagwera m'ngalande ndi mayi amene anamunyamula. Njingayo anaigulitsa. Masiku ano amamata machubu a anzawo pansi pa mtengo wa mango. Dzuwa likaswa mtengo diso lija limatuluka misozi, iwo amangopukuta ndi phewa n'kupitiriza kupopa.