Manda Opanda Chiliza a ku Lufita

Pa 3 Malichi, Komiti Yoona za Ulemu wa Malo Ogona Makolo inalengeza kuti fomu yolembetsera manda izidzazidwa ndi cholembera cha buluu, osati chakuda. Chilengezocho chinakhomedwa pamtengo wa mango pafupi ndi msika, chidindo chili m'munsi, ndipo chinatsimikizira anthu a ku Lufita kuti ngakhale kukubwera malo atsopano oimikapo malole ochokera ku Tanzania, palibe manda ngakhale amodzi amene adzasunthidwe. Komitiyo inali itakumana katatu kuti imvane za mtundu wa inki.

Che Imedi Mdoka anagula cholembera cha buluu tsiku lomwelo.

Aliyense amene anadyapo nyama ya mbuzi pa Boma la Chitipa anadya yodutsa m'manja mwa Che Imedi. Anabwera kuchokera ku Mangochi mu 1987 atakwera lole ya usipa, n'kukhalira. Ntchito yake ndi yozinga mbuzi ndi ng'ombe. Apolisi, aziphunzitsi, akuluampingo, onse amafunsa kuti wazinga ndani, ndipo akamva kuti ndi Che Imedi mtima umakhala m'malo. Chitumbuka chake n'chopotoka mpaka lero. Amangoti "yewo" paliponse, ngakhale pamene akumukalipira.

Ntchito yake ina ilibe malipiro. Cha kumtsinje kuli kamalo kamene Asilamu ochepa a kuno amaikako anzawo, ndipo wosamalira ndi iye. Agona khumi ndi anayi. Mmodzi ndi mkazi wake, Abiti Saidi. Pakatikati pagona Shehe Amidu, amene anamuphunzitsa kuwerenga ndi kupemphera, munthu amene ankati akamadutsa mumsika, ngakhale oledzera ankabisa botolo kumbuyo.

Za manda Shehe analibe nazo nthabwala. Ankaphunzitsa kuti kumanda timapitako kukakumbukira kuti nafenso tili panjira. Ukafika upereke salamu kwa ogona, uwapempherere kwa Mulungu, koma usawapemphe kanthu iwowo. Usaponde pamanda, usakhalepo, usamangepo, usapakepo simenti. Dothi likwere chikhatho chimodzi basi. Kwawo ku Mangochi alipo ena amene amamanga, koma Shehe sanali wa maganizo amenewo. Akudwala anagwira Che Imedi padzanja.

"Imedi, usadzandimangire. Ukadzangoika simenti, ana olemba mayeso ndi ofuna kukwezedwa pantchito adzayamba kubwera kudzandipempha, ndipo ine sindidzakhala n'chowapatsa. Wamva?"

Anamva. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Lachisanu lililonse, wakhala akuzula udzu ndi manja, kuopa kuti khasu lingalase pamene sipayenera.

Fomu ya Komiti inali ndi mabokosi asanu ndi limodzi. Bokosi lachinayi linkafuna mawu olembedwa pachiliza. Bokosi lachisanu linkafuna chithunzi cha chilizacho. Che Imedi analemba mayina onse khumi ndi anayi kuchokera pamtima, nasiya mabokosi awiriwo opanda kanthu, n'kukapereka kwa mlembi wa Komiti, bambo Esau Kachingwe a ku Ntcheu, munthu waulemu wake, mkulu wa mpingo.

"Monire dada," anatero a Kachingwe, amene anaphunzira mawu atatu a Chitumbuka ndipo amawagwiritsa ntchito mosawasunga. "Koma apa simunamalize."

"Ndamaliza, bwana. Kwathu sitimanga ziliza."

"Ndiye tidziwa bwanji kuti ndi manda?"

"Ndinawaika ndine. Tiyeni ndikakusonyezeni."

"Ine ndikukhulupirira, achimwene. Koma fomu siikukudziwani."

Anatsegula buku la oyeza malo, nayendetsa chala. Oyezawo anafikadi kumtsinje, naona timizere ta dothi tolimidwa bwino, topanda udzu, ndipo analemba zimene maso awo ophunzira anaona: munda wa mbatata. Zaka zonse zozula udzu zija n'zimene zinapereka umboni.

"Mbatata?" anafunsa Che Imedi. "Mkazi wanga ndi mbatata?"

"Musakwiye, dada. Nkhani yake n'njapafupi. Thumba limodzi la simenti, mulembe dzina ndi msomali, mujambule, mubwere nacho Lolemba."

Umu ndi mmene ulemu wa makolo umayendera ukalowa mu ofesi. Munthu amene anasambitsa mitembo ija, kuikulunga, kuigoneka moyang'ana ku Maka, mawu ake sakwana. Simenti yosakanizidwa dzulo ndiyo mboni.

Nkhaniyo inafika kwa Petros Mwenitete, mnansi wake, Mlambya womanga ziliza za Akhristu. Anabwera ndi wilibala, thumba la simenti lili momwemo.

"Iwe Myao wouma mutu! Pa ukwati wa Towera wanga unazinga ng'ombe osalandira kanthu. Lero ndi tsiku langa. Ndimanga kakang'ono, kopanda mtanda, kopanda maluwa. Mulungu wako sadzakaona n'komwe."

"Ndiye kuti wako saona bwino," anayankha Che Imedi.

Anaseka onse awiri, koma thumbalo linakhala pakhonde masiku atatu. Che Imedi ankalidutsa popita kozinga, n'kulidutsanso pobwera. Ena a ku mzikiti anati pavuto lamulo limafewa, ndipo Mulungu amadziwa chimene chili mumtima. Mwina ankanena zoona. Koma iwowo sanagwiridwe padzanja ndi Shehe. Ndipo Che Imedi ankadziwa anthu akwawo: chiliza cha Shehe chikangoima, sipatha chaka wina asanasiyepo botolo la mafuta onunkhira ndi kapepala ka pempho. Tsiku lachinayi anabweza simenti ija pa njinga.

M'malo mwake anayenda. Anapita ku ofesi maulendo asanu ndi awiri. Anabweretsa amuna asanu amene anakumba nawo mandawo. Anauzidwa kuti mboni zapakamwa zidzamvedwa ndi kakomiti kapadera, kamene mamembala ake anali ku msonkhano ku Mzuzu wophunzira za kumva madandaulo a anthu. A Kachingwe ankamuperekeza mpaka pakhomo ulendo uliwonse, n'kumugwira paphewa.

"Musade nkhawa, dada. Zili m'manja mwathu."

Geleda inabwera Lachiwiri m'mawa, Che Imedi ali kozinga ng'ombe ya phwando lotsegulira ntchito yomanga malo oimikapo malole aja. Atamva anathamangira kumanda kuja, magazi adakali m'mikono. Anapeza pali see, ngati bwalo la mpira. Woyendetsa geledayo anatsitsa galasi n'kunena kuti pepala lake likuti mbatata, ndipo anadabwa kuti sanaone ngakhale imodzi.

Lachisanu lililonse Che Imedi amapitabe. Salowa, chifukwa sadziwanso pamene angaponde. Amaima m'mphepete mwa ngalande, n'kupereka salamu kwa ogona monga anaphunzitsidwira. Madalaivala a ku Mbeya, atakhala pansi pa malole awo kumwa tiyi, amamuyankha mwansangala, "Waalaikum salaam, mzee!" Iye sawauza kuti salamuyo si yawo. Amangowapempha kuti madzi osambira azikatayira uko.

Lipoti la Komiti linatuluka mu Ogasiti. Likuti pa ntchito yonseyi sipanasunthidwe manda ngakhale amodzi. Sanasunthidwedi. Onse khumi ndi anayi adakali pomwepo, pansi pa gelevulo.