Mtsikana Womangidwa Pamzati

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza kukoleji inali yoyang'ana zithunzi. Ndinaipeza pa Neno boma, ku gulu lina limene linkachita kafukufuku pa mabanja osamalira odwala khunyu. Amayi ena a ku Magaleta ndi ku Dambe anabwerekedwa mafoni kuti azijambula chilichonse chosonyeza mmene tsiku lawo limayendera. Mafoniwo akabwera kuofesi, ine ndinkatsitsa zithunzi n'kuziika m'pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira zinthu zotere.

Kagwiridwe kake sikanali kovuta. Ndikatsegula chithunzi, ndinkajambula kabokosi ndi mausi kuzungulira chinthu chimene ndaona, kenako n'kukapatsa dzina. Chigubu cha madzi ndinkachilemba "mtunda wa kumjigo", kapepala ka mapiritsi "mankhwala", njira yoterera yotsikira kumtsinje "msewu". Mayina amenewa tinkawatcha makodi, ndipo pulogalamuyo inkasonkhanitsa timabokosi tonse ta dzina limodzi kuti tione zimene zikutuluka kawirikawiri. Poyamba ndinkaikonda ntchitoyo. Kwathu ndi ku Nsambe, choncho nkhokwe, minda ya mbatatesi ndi mitengo ya manachesi ya m'zithunzimo sinali yachilendo kwa ine.

Tsiku lina m'mawa ndinatsegula chithunzi cha ku Magaleta. Panali mtsikana wongoyamba kumene kusinkhuka, atakhala pamphasa pakhonde. Mwendo wake unali womangidwa ndi chitenje chopota, ndipo nsonga inayo ya chitenjecho inali yomangidwa pamzati. Pambali pake panali kapu ya madzi ndi mbale ya chinangwa chophika. Ankamwetulira, maso ali pa amene ankamujambulayo.

Ndinajambula kabokosi pa mfundo ya chitenjecho, koma dzina linandisowa. Ndinaitana mayi amene ankatsogolera kafukufukuyo, munthu wodekha wochokera ku Blantyre. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Apa lembani nkhanza kwa mwana," anatero.

"Koma madamu, taonani mphasa, taonani madzi. Munthu wankhanza angajambule yekha n'kutipatsa?"

"Nanenso ndikuziona. Komabe mwana wamangidwa."

Tinagwirizana kuti ndipite ndikafunse amene anajambula, amene anali mayi ake a mtsikanayo.

Ndinakwera njinga yamoto mpaka pamene njira inathera, kwinako ndinayenda pansi. Ndinawapeza akutsuka zidebe. Anali mayi wamng'ono thupi, ndipo amuna awo anapita ku Joni kalekale n'kusiya kuimba foni. Nditawaonetsa chithunzicho sanachite manyazi. Anaitana mwana wawo, n'kumukweza dzanja la malaya. Mkono wonse kuchokera pachigongono unali chipsera chokhachokha.

"Anagwera pamoto ine ndili kumjigo," anatero. "Ulendo wina tinamupeza kumtsinje, nkhope ili m'madzi. Mankhwala amamwa, sindiphonyetsa, koma amagwabe. Ndiye achemwali, ndikati ndikhale naye tsiku lonse, tidya chiyani?"

"Nanga anzanu apafupiwa sangamuyang'anire?"

"Amaopa thovu lake. Amati n'lopatsirana. Ngakhale kapu imene wamwera sakhudza."

Ndinawauza kuti khunyu sapatsirana. Anati iwo amadziwa, anawauza kale kuchipatala, koma wofunika kuuzidwa si iwo.

Madzi anali atatha pakhomopo, ndiye ndinati apite kumjigo, ine nditsale ndi mwanayo osamumanga. Tinakhala pamphasa. Anali mtsikana wocheza. Anandiuza kuti anasiya sukulu chifukwa anzake ankathawa pabenchi akakhalapo iye, ndipo anandipempha kuti ndimuonetse zithunzi za m'foni yanga. Tikuyang'ana choncho anangoti zii. Foni inagwa. Thupi lake linauma, kenako linayamba kugwedezeka mwamphamvu, mutu ukumenya pansi.

Kuofesi anatiphunzitsa zoyenera kuchita: kumugoneka cham'mbali, kuika chofewa kumutu, osamuika kanthu m'kamwa. Ndinachita zonsezo, ndipo zitatha panalibenso china choti ndichite. Ndinagwada pamenepo chitenje changa chili pansi pa mutu wake, ndikumuitana, iye osamva. Mayi wina wa nyumba yoyandikana anatuluka, anaima patali, n'kubweza ana ake m'nyumba. Ndinamukodola ndi dzanja, koma anangopukusa mutu.

Pamene mayi ake ankafika, kugwedezekako kunali kutaleka ndipo mwanayo anali m'tulo tofooka. Anatula chidebe, ananyowetsa kansalu, n'kumupukuta pakamwa ndi m'miyendo mosafulumira, monga munthu amene wachita zimenezi kambirimbiri.

"Mwaonatu, eti?" anatero osandiyang'ana. "Ndiye kumeneko mukanena chiyani?"

Ndinati ndikanena zonse mmene ndazionera. Anagwedeza mutu basi.

Madamu anamvetsera zonse, ndipo mawu oti nkhanza sanawatchulenso. Analankhula ndi adokotala a pachipatala cha kuderalo, amene anamuonanso mwanayo n'kusintha kamwedwe ka mankhwala. Tinamva kuti kugwa kunachepako, koma sikunathe, ndipo kumunda ndi kumjigo kunkafunikabe munthu. Pa kabokosi kaja tinapanga dzina latsopano, "kusowa womusiyira".

Dzinalo litakhalapo, ndinabwerera ku zithunzi zimene ndinali nditamaliza kale. Chitseko cha ku Dambe chokhala ndi loko kunja, chimene ndinachilemba "nyumba", ndinachiyang'ananso ndipo ndinaona zala pazenera. Mnyamata wamkulu ndithu atagonekedwa pansi pa mtengo m'mphepete mwa munda, amene ndinamulemba "ulimi". Bambo wachikulire atakhala m'kati mwa mpanda waminga pafupi ndi khola. Tsiku lonse ndinkangojambula timabokosi, ndipo mndandanda wa pansi pa dzina latsopanolo unkangotalika. Pulogalamuyo inkandionetsa zonse pamodzi, mwadongosolo, koma ine chimene ndikanatha kuchita chinali kutsegula chithunzi chotsatira.

Kafukufuku atatha tinaitana amayi onse aja pansi pa mtengo pafupi ndi chipatala kuti tiwauze zimene tapeza. Madamu anafotokoza za mtunda, za mankhwala, kenako za kusowa womusiyira wodwala. Amayiwo anavomera onse pamodzi kuti n'zoona. Mmodzi wa ku Dambe anaimika dzanja.

"Zimenezo tinakuuzani ndife. Funso langa n'lakuti, mawa ndikamapita kudimba, adzakhale naye ndani?"

Madamu anayankha moona mtima kuti alemba lipoti ndipo alipereka kwa akuluakulu, koma sangalonjeze kanthu. Ine ndinali nditagwira chikwama chotolera mafoni, ndipo ndinkangoyang'ana zipi yake.

Mayi a mtsikana uja anandipatsa foni yawo msonkhano usanathe. Ndinawauza kuti adikire pang'ono, zakumwa ndi mabanzi zikubwera.

"Pepani achemwali, ndachoka kalekale. Dzuwa likapendeka limafika pakhonde paja pamene ndamusiya mwana."

Anamanga chitenje n'kuyamba kukwera phiri mothamanga. Mwezi womwewo ntchito yanga inatha, kompyuta ndinabweza, ndipo mvula itayamba njira ya kumeneko inaduka. Panopa ndimaphunzitsa kusekondale ina kutali ndi Neno. Ulendo wina ndikupita kwathu ndinafunsapo anthu a ku Magaleta amene ndinakumana nawo pamsika wa Lisungwi, koma palibe amene ankalidziwa banjalo.