Mwala wa Stelia ndi Mchere wa Gerishon

Ku Nsambe, m'mapiri a Neno momwe amalima tirigu ndi mbatata ya kachewere, kunali mayi wina dzina lake Stelia. Anthu ankamudziwa ndi zinthu ziwiri: liwu lake loyambitsa nyimbo, ndi kusowa kwake mwezi ndi mwezi.

Chiyambire utsikana wake, Stelia akapita kumwezi sankadzuka. M'mimba munkapota ngati wina akufinya nsalu yonyowa, ululu n'kutsikira kumsana ndi m'ntchafu mpaka kusanza. Anamkungwi anati akadzakwatiwa zidzatha. Atakwatiwa ndi Gerishon, anati akadzabereka zidzatha. Mwana sanabwere. Anamwa mizu yowawa, anatemera mphini m'chiuno, kuchipatala anapatsidwa aspirini. Dokotala wina wongodutsa anamuuza kuti pali nthenda imene mnofu wa m'chiberekero umamera kunja kwake, koma kuti atsimikize pankafunika opaleshoni ku Blantyre. Stelia anaopa mpeni, ndipo sanapite. Anapeza njira yakeyake: ankaotcha mwala wosalala wa mumtsinje, kuukulunga m'chitenje chakale, n'kugona chopinda ataukumbatira pamimba.

Mwambo wa kumeneko unkati mkazi amene ali kumwezi asathire mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa a m'nyumba. Amayi ena ankatuma ana awo. Kwa Stelia kunalibe mwana woti atumidwe, choncho Gerishon ankathira yekha, atayamba wasuzumira panja ngati kukubwera munthu.

Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene amayi ankayenera kusonkhana kukonzekera magule a misonkhano. Wonenezedwa kuti akunyoza chipani ankatha kutengedwa osabwerako msanga. Stelia anajomba kangapo, ndipo Mailesi, mkulu wa amayi a chipani m'deralo, anamuimitsa panjira ya kuchigayo.

"A Stelia, kutchalitchi mumaimba, kwathu kuno mumadwala, eti?"

"Ndi kumwezi, mayi. Kumandigoneka."

"Kumwezi timapita tonse. Kapena inu mwezi wanu ndi wina? Mukajombanso, dzina lanu ndikalitula ku Boma."

Stelia anapitiriza ulendo wake wa kuchigayo. Ankadziwa kuti tsiku la kukonzekera kotsatira lidzagwera pa masiku ake oipa aja, ndipo linagweradi. M'mawa wa tsikulo anayesa kuvala nsalu ya chipani, koma miyendo inakana asanafike pakhomo. Anabwerera pamphasa, nayamba kudikira.

Masana anamva mapazi pabwalo, kenako mawu a Mailesi chakukhitchini.

"Kodi bambo, mwasanduka mkazi liti? Mcherewo m'manja mukutani nawo?"

"Nyemba zopanda mchere sizidyeka, mayi," anayankha Gerishon motsitsa. "Ndinayamba chaka chimene tinakwatirana. Poyamba ndinkachulutsa."

Mailesi sanaseke. Analowa m'nyumba osaodira, napeza Stelia atapindika, thukuta lili chuchuchu, milomo itauma. Anagwada, nakhudza chitenje chokulungidwacho, n'kubweza dzanja msanga chifukwa cha kutentha. Atasuntha mwalawo anaona khungu la pamimba litada ndi zipsera, zakale pansi pa zatsopano.

"Mumadziotcha chonchi mwezi uliwonse?"

"Moto umapweteka pang'ono kusiyana ndi zam'katimu," anatero Stelia. "Ngati mukukandinenera, mayi, dikirani ndidzuke kaye. Asadzandinyamule ndili chonchi."

Mailesi anabwezera mwala uja pamalo pake. Potuluka anaima pakhomo la khitchini.

"Bweretsani kuno mcherewo, bambo. Lero ndithira ine."

Dzina la Stelia silinafike ku Boma. Kuyambira pamenepo ankaphunzitsa amayi nyimbo m'masabata ake abwino, ndipo akasowa pabwalo la magule, Mailesi ankangoti, "Ndamutuma ine." Panalibe wofunsa kumene watumidwa.

Ululu wokha sunamve za chipani. Unapitirira mpaka Stelia atasiya kusamba, imvi zitayamba, ndipo dzina lenileni la nthenda yake sanalidziwe. Atsikana a m'mudzimo amene mwezi unkawagoneka anayamba kubwera kwa iye mwakachetechete. Sankawalonjeza kuti ukwati kapena mwana adzawachiritsa. Ankawauza kuti apite kuchipatala, ndipo akabwezedwa apitenso. Kenako ankawaonetsa kakulungidwe ka mwala, nsalu yopindidwa mochindikala, kuti khungu lawo lisapse ngati lake.