Hutala ya agogo Mbewe

Fungo la dizilo likandipeza m'mawa kukuzizira, ndimakumbukira agogo Mbewe. Sanali agogo anga enieni. Ankakhala m'fulati ya pansi pa yathu ku Barking, mdala wamtali wokhosomolakhosomola, wobadwira pa famu ina ku Zimbabwe kwa makolo a ku Dedza, ndipo akapsa mtima Chichewa chawo chinkasakanikirana ndi Chishona. Ndiwo ankayendetsa minibasi ya mpingo wathu, chigalimoto choyera chakutha chomwe m'kati mwake munkanunkha majekete onyowa ndi maswiti a chifuwa. Lamulungu lililonse ankaisiya injini ikulira kuti itenthe, utsi ukulowa pa zenera la kukhitchini kwathu, kenaka n'kuyamba kuliza hutala ngati nyumba ikupsa.

Kufulumirako kunali ndi chifukwa. Tinkapemphera mu holo yalendi pamwamba pa malo okonzera matayala ku Tottenham, ndipo nthawi yathu ikatha anthu a mpingo wina ankakhala ataima kale pa masitepe ndi ng'oma zawo. Kwa ife kuchedwa linali tchimo lalikulu kuposa miseche.

Ine nthawiyo ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, kusukulu atandibweza kale kangapo chifukwa cha ndewu. Mtima wanga ngwapachala, sindibisa. Wofatsa kwathu anali mkulu wanga Yamikani, yemwe ankaimba kiyibodi kutchalitchi. Mayi ankati Mulungu pogawa mtima anapatsa Yamikani wonse, ine n'kutsala ndi zibakera.

Agogo Mbewe ankalera mdzukulu wawo, Tinashe, yemwe iwo ankangomutcha Tina. Mwanayu sankalankhula. Phokoso likachuluka ankatseka makutu n'kumakuwa, uku akugwedeza thupi. Poyamba mpingo unati ndi ziwanda, ndipo anamupempherera pakati pa holo, agogowo atamugwira miyendo. Pambuyo pake madokotala anati ndi otizimu, kuti ubongo wake umagwira ntchito mosiyana ndi wa ena basi. Anthu anazolowera. Anasiya kumugwira pamutu, namusiya azikhala pansi pafupi ndi kiyibodi, chikhatho chake atachiika pa sipika. Yamikani akamaimba, Tinashe ankakhala phee.

Ndiye mayi wina wa mu mpingo anamuona Yamikani ku Woolwich atagwirana manja ndi mnyamata. Sabata isanathe, akulu ampingo anabwera kwathu. Anamufunsa, iye sanakane. Anati amakonda amuna anzake, wakhala choncho kuyambira kale, ndipo wapempherapo mpaka kutopa. Chigamulo chinali chakuti asakhudzenso kiyibodi, azikhala pa mpando wa kumbuyo yekha mpaka atalapa ndi kupemphereredwa. Mayi ankangopukuta tebulo loyera kale. Ine ndinamenya chitseko cha kubafa mpaka chinabooka, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ndinkamenya ndani.

Yamikani anasiya kupita kutchalitchi. Kunyumba iye ndi mayi ankapatsana moni ngati anthu okumana pa siteshoni. Ndinaona kuti wayamba kulongedza zovala m'chikwama pang'onopang'ono, ndipo ndinadziwa kuti akatuluka pakhomo paja mmene zinthu zinalili, sabweranso.

Lamulungu lachitatu hutala inalira monga mwa masiku onse. Ine ndi mayi tinatsika n'kukwera. Minibasi inali itadzaza, koma agogo sananyamuke. Analizanso hutala.

"Agogo, takwana," anatero a Kalua, mkulu wampingo, atakhala kutsogolo ndi Baibulo pamiyendo.

"Sitinakwane."

"Mukudziwa zimene tinagwirizana."

"Munagwirizana za mpando wa m'holo. Galimoto ino ndimathira madzi ndine."

Analizanso, ulendo uno osachotsa dzanja. Mzungu wa nyumba yoyang'anana nafe anatsegula zenera n'kutukwana. Azimayi kumbuyo anayamba kung'ung'udza kuti tikapeza anthu a ng'oma aja atalowa. Mayi anangoyang'ana pansi. Agogo anatembenukira kwa ine.

"Iwe wa zibakera, kamutenge mkulu wako. Umuuze kuti dizilo akutha."

Ndinamupeza ataima pa zenera, atavala kale malaya a kutchalitchi. Anatsika, koma anaima pa chitseko cha dalaivala osakwera.

"Agogo, mukundichititsa manyazi."

"Kwera. Tina sakugona bwino chisiyire kuimba iwe."

"Sakundifuna kumeneko."

"Mvera kuno, mwanawe. Iwe ndi Tina, mawaya anu a m'mutu Mwini wake anawalumikiza mwa mtundu wina. Si ine, si mayi ako, si Satana."

Yamikani, wofatsa uja, anakwiya. "Ine sindikudwala, agogo."

"Nanga Tina akudwala? Wanena za matenda ndani?" Anakhosomola n'kulavulira panja. "Mwana uyu ndinamugwira miyendo ine, anthu akumukuwira m'makutu kuti chiwanda chituluke. Munalibe kanthu. Munali Tinashe yekha. Sindigwiranso mwana wina miyendo."

Yamikani anakwera, ndipo Tinashe anasuntha yekha kumupatsa malo.

Njira yonse magazi anga ankawira. Ndinkayang'ana khosi la a Kalua ndi kolala yawo yositidwa bwino, n'kumaganiza pomwe ndiyambire. Titafika, agogo ayenera kuti anaona nkhope yanga, chifukwa ananditwika kiyibodi, n'kuwonjezera chikwama cha mawaya m'khosi.

"Manja ako akhale ndi ntchito. Ukaigwetsa ndikupha."

Kiyibodi ija inali yolemera ngati chitseko, masitepe opapatiza, ndipo pofika pamwamba ndinali wefuwefu, mphamvu yomenyera munthu itatha.

M'holo mipando ya pulasitiki inali itayalidwa, ndipo umodzi unali wokha kumbuyo, pafupi ndi mopu ndi ndowa. Yamikani anapita kukakhalapo osauzidwa. Pa kiyibodi panakhala mnyamata wina wongodziwa nyimbo ziwiri. Tinashe anaika chikhatho pa sipika, anachichotsa, n'kupita kumbuyo kukakhala pansi pa mapazi a Yamikani.

Agogo Mbewe anali ndi malo awo kutsogolo, pamzere wa akuluakulu. Nyimbo yoyamba ili pakati anaimirira, nagwira mpando wawo. Sanaunyamule ayi. Anaukoka. Miyendo yake inkalira pa matabwa, kwee, kwee, kudutsa pakati pa mpingo wonse, iwo akuyenda pang'onopang'ono ngati akuperekeza maliro, mpaka anauika pambali pa Yamikani. Anakhala, natsegula buku la nyimbo, n'kumugwiritsa mbali imodzi.

Ine mpando wanga ndinauponya ndi phazi, unakagunda khoma. Agogo anandiyang'ana diso limodzi, ndipo ndinakautola n'kukhala bwinobwino.

A Kalua anaimitsa nyimbo. "A Mbewe, mukusokoneza mapemphero."

"Pitirizani, tikumva. Kuno kulinso Mulungu, ndamupeza pafupi ndi mopu."

Wina anaseka n'kudzitseka pakamwa. Nyimbo inayambanso. Ine maso anga anali pa msana wa mayi, pa duku lawo loyera, pamzere wa azimayi. Sanatembenuke. Ulaliki unadutsa, chopereka chinadutsa, ng'oma za anzathu aja zinayamba kumveka pa masitepe. Mumtima ndinati basi, chikwama chija chipita.

Pa nyimbo yomaliza ndinamva kwee. Kamodzi kokha, kenaka kunakhala chete, kenaka kwee kachiwiri. Mayi ankakoka mpando wawo chammbuyo, osayang'ana munthu aliyense, milomo ikuimbabe. Atafika anangokonza kolala ya Yamikani yomwe inali itapindika, n'kuimirira pambali pake mpaka ameni.

Ndisaname kuti zonse zinatha bwino. Akulu ampingo sanasinthe chigamulo chawo, ndipo agogo anawachotsa pamzere wa kutsogolo. Makiyi a minibasi okha anawasiyira, poti panalibe wina wodziwa kuilankhula galimoto ija. Kumbuyo kuja mipando inafika isanu ndi umodzi, nthawi zina kucheperapo. Patapita chaka Yamikani anasamuka, napeza mpingo wina womwe amaimba mpaka lero. Koma anasamuka masana, mayi atamulongedzera mapoto. Za mawaya a m'mutu zija iye ndi agogo sanagwirizanepo. Iye ankati safuna dzina la kuchipatala kuti anthu amulole kukhala pansi. Agogo ankati dzina lililonse, bola akwere galimoto. Pa maliro a agogo, kiyibodi anaimba ndi Yamikani, Tinashe ali mnyamata wandevu, chikhatho chili pa sipika. Palibe anayerekeza kuletsa.

Sukulu sindinamalize. Pano ndimayendetsa vani yopereka katundu, ndipo mtima uja sunasinthe kwenikweni. Munthu akanena zopusa za mkulu wanga, ndimafunafuna bokosi lolemera loti ndinyamule. Lamulungu lina lililonse ndimatenga mayi kupita nawo kwa Yamikani ndi mnzake uja kukadya. Tikafika sindiimba foni. Ndimasiya injini ikulira, n'kuika dzanja pa hutala, osalichotsa mpaka atatsika.